Mbuzi Zinasowa Tsiku Lovota

Pa chisankho chimene ndikunenachi, ntchito yanga inali yonyika zala za anthu mu inki. Ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pulaimale ya kwathu, chakumadzulo kwa Kabudula, ndipo nthawi ya mavoti ikafika aphunzitsi ndi amene tinkatengedwa kuti tikathandize. Anzanga ena anapatsidwa kaundula wa mayina, ena mapepala ovotera, ine anandipatsa kabotolo. Sindinadandaule. Kaundula amafuna maso akuthwa, pamene anga anali atayamba kale kundinamiza, ngakhale magalasi ndinkawakanabe.

Unali mwezi wa Meyi, anthu ali pakati pokumba mtedza, chimanga china chikadali pa mikukwe m'minda. Tsiku limenelo ndinagwira dzanja la munthu aliyense wamkulu wa m'mudzi mwathu ndi wa midzi ina yozungulira. Zala za abambo zinali zakuda kale ndi fodya, moti pena ndinkakayika ngati inkiyo yagwira. Za amayi zinali zong'ambika ndi dothi. Ena ankabweza dzanja poopa kuti inki iwawa, ena ankandiuza kuti ndinyike kwambiri akaonetse ana kunyumba.

Kwathu sitivota mmene amanenera pa wailesi, zoti aliyense ndi mtima wake. Timanyamuka mudzi wonse nthawi imodzi, monga timachitira popita ku maliro a mudzi woyandikana nawo, amayi patsogolo ana ali kumsana, abambo pambuyo akukankha njinga. Palibe amene amaima pa chulu n'kulamula kuti tichonge pakuti. Sipafunika kutero. Nkhaniyo imakhala itatha kale ku mjigo, ku chigayo ndi pabwalo la tchalitchi tikamatuluka. Mavoti akawerengedwa, a mbali ina amapezeka ochepa oti n'kuwerenga pa zala, ndipo m'mawa mwake amayi ku mjigo amayamba kuwapezera eni ake. Limodzi amati ndi la alangizi a zaumoyo aja anachokera kutali, lina la mwini golosale poti sapezekapezeka pa maliro. Ine ndinkaseka nawo, ndipo nthawi zina ndinkawonjezerapo wanga womuganizira.

Dzulo lake la tsikulo kunabwera alongo anga kuchokera ku tauni. Ndiwo oyamba kubadwa m'mimba mwathu, ine wotsiriza, ndipo onse a pakati pathu anatisiya. Anapita ku tauni ine ndikadali kamtsikana, anaphunzira ukalipentala, n'kukhazikika ku Mtandire kumene ankakhoma zitseko ndi mafelemu a mawindo. Kumudzi sanakutaye. Maliro akachitika ankafika, nkhoswe ya ukwati wanga anali iwowo, ndipo bambo a kunyumba kwanga akandiputa ankadziwa kuti nkhani ikafika ku Mtandire. Koma tsopano msana unali utayamba kuwavuta, akazi awo atamwalira, ana atakula. Ankafuna kubwerera kwawo. Amayi anatisiyira dimba m'mphepete mwa dambo, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kunali malo oti munthu n'kumangapo kanyumba ka zipinda ziwiri. Tinali titagwirizana kuti dimbalo likhale lawo, ndipo chilimwe chimenecho aumbe njerwa. Ine ndinali nditayamba kale kudzitama kwa anzanga kuti ndipeza wondikhomera zitseko mwaulere.

Anasankha tsiku lovota chifukwa linali la tchuthi, ku shedi kwawo kunali kotseka. Iwo analembetsa ku tauni, choncho kwathu sakanatha kuvota. Ndinawakalipira monga ndimachitira ndi ana a sukulu, kuti munthu wamkulu ngati iwo athawa bwanji udindo. Anandiseka. Anati avota kambirimbiri koma ngalande ya pakhomo pawo ikununkhabe chimodzimodzi, pamene dimba ukalipatsa tsiku limodzi limakuyankha. Ndinawauza kuti anthu a m'tauni ndi otero, kudandaula ndiye patsogolo koma pa mzere saoneka. Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. M'mawa ine ndinalawirira ku sukulu, iwo anatenga chingwe ndi zikhomo kupita kukayeza dimba lija, kuti adziwe mbali yodzala kabichi ndi yodzala tomato.

Tsiku lotsatira ndinadzutsidwa ndi phokoso la kwa neba wanga, mayi wamasiye amene tinkaimba limodzi kwaya. Mbuzi zake zinayi zinali zitasowa. Poti chimanga chinali chisanathe kukololedwa, mbuzi zinali zikadali zomangirira, ndipo iye anazimangirira m'mphepete mwa dambo asanapite kukavota. Pobwerera masana anapeza zikhomo zokha, mbuzi ndi zingwe zomwe palibe. Anafunafuna mpaka dzuwa kulowa poganiza kuti zangomasuka. Mbuzizo ndizo zinali chuma chake chonse. Apampando a gulu la chitetezo cha m'mudzi, bambo ofatsa okonda kuti zinthu ziziyenda mwa dongosolo, anaitanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pa mayiyo. Ndinapita ndi maso olemera ndi tulo, alongo anga ali pambuyo panga.

Poyamba anthu ankangozungulira. Kenaka mkulu wina ananena chimene tonse tinkachikhulupirira, kuti m'mudzi mwathu mulibe wakuba, ndipo ngakhale akanakhalamo, dzulo mudzi wonse unali pa mzere ku sukulu. Ndiye kuti wakubayo ndi munthu amene sanapite kukavota. Wina kumbuyo anati ngati ndi choncho, tione zala. Anthu anaseka n'kuyamba kukweza manja m'mwamba ngati ana a m'kalasi mwanga. Inenso ndinaseka, ndinati lero ntchito yanga ikuyenderedwa. Inki ija sichoka msanga ngakhale uikweche ndi mwala, choncho panalibe zonamizana. Amene tinkadziwa kuti sanapite anali nkhalamba ziwiri zosatha kuyenda ndi mayi wina amene anali atangobereka kumene. Pa onse amene tinasonkhana pamenepo, chala choyera chinali cha alongo anga okha.

Kuseka kunatha. Mayi wina anati pobwerera kovota anakumana nawo akuchokera ku dambo, chingwe chili paphewa. Alongo anga anavomera, n'kufotokoza za dimba modekha, poganiza kuti akangofotokoza zitha. Apampando analankhula mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu wawowo ndi umene unandiopsa.

"Sitikunena kuti ndinu, akulu. Koma mwina pobwera munatchulirako anzanu a ku tauni kuti mudzi ukhala wopanda anthu. Masiku ano foni imodzi yokha, njinga yamoto yafika kale."

Apa ndiye aliyense anapeza chonena. Uyu akuti ku tauni amaba ngakhale zovala zonyowa pa chingwe, uyo akuti amakulanda foni ukulankhulapo. Wina anawonjezera kuti anthu a ku tauni savota nafe, ndipo munthu amene sali nafe pa voti sangatimvere chisoni pa mbuzi. Mawu amenewa anandidabwitsa, koma ndinaona mitu ikugwedezeka kuvomereza. Bambo a kunyumba kwanga anangoyang'ana pansi. Iwo ndi mkamwini, pa nkhani ya eni mudzi sakanatsegula pakamwa.

Kenaka apampando anatembenukira kwa ine. Anandifunsa ngati panali munthu wina wa m'mudzimo amene sindinamunyike chala, poti ine ndi amene ndinagwira dzanja la aliyense. Ndinati ena onse anafika.

"Nanga alongo anuwa, aphunzitsi, dzulo anaswera kuti?"

"Sindikudziwa. Ine ndinali ku sukulu tsiku lonse."

Sindiname, mawu amenewo anali oona, ndipo ndakhala ndikudzikumbutsa zimenezi kwa zaka. Koma panali zoona zina zambiri zimene ndikananena. Ndikananena kuti za dimba tinapangana tonse, kuti zikhomo zija anasema ine ndikuona. Ndikanamukumbutsa mayi wamasiye uja kuti bokosi limene anaikiramo mwamuna wake anakhoma ndi munthu yemweyu, osalandira kanthu. Ine pakamwa sipasowa mawu, afunseni makolo amene ana awo amajomba ku sukulu. Koma tsiku limenelo ndinayankha mwachidule ngati mboni ya ku khoti n'kukhala pansi.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndipo chimandichititsa manyazi. Ndinachita mantha. Alongo anga akanatha kukwera minibasi, koma ine ndinali wotsala, wotunga pa mjigo womwewo, wophunzitsa ana a anthu omwewo. Palinso china choipa kuposa mantha. Kwa kanthawi kochepa, chala chawo choyera chili m'mwamba, ndinadzifunsa ngati munthu amene wakhala m'tauni zaka zonsezi ndimamudziwadi. Amacheza ndi yani kumeneko? Wailesi yanga inkandiuza tsiku ndi tsiku za akuba a m'tauni, ndipo zonsezo zinali zitaunjikana mumtima mwanga ine osadziwa. Alongo anga anandiyang'ana kamodzi kokha n'kutsitsa dzanja.

A chitetezo anapita kukayang'ana m'khola mwanga ndi kuseri kwa nyumba. Anapeza chingwe ndi zikhomo basi. Palibe amene anawamenya alongo anga kapena kuwatukwana. Apampando anati poti umboni palibe, nkhaniyi tiisiye m'manja mwa Mulungu, ndipo kwathu mawu amenewa amatanthauza kuti tamudziwa koma tamusiya. Masana omwewo alongo anga anapinda malaya awo m'chikwama. Ndinawapempha kuti adikire ndiphike, anati akadyera kutsogolo. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu pokwerera njinga zopita ku Nsaru, ndipo njira yonse tinkakamba za mtedza, kuti chaka chino wabereka bwino.

Sabata imeneyo zotsatira za chisankho zinkalengezedwa pang'onopang'ono, ndipo pa wailesi anthu ankaimba mafoni. A ku tauni ankati ife a kumudzi ndi amene timabwezera dziko m'mbuyo, timavotera chitenje ndi sopo, sitidziwa kanthu. Zinkandipweteka, chifukwa ndinaona ndi maso anga amayi ataima padzuwa kuyambira m'mawa opanda ndi madzi akumwa omwe, ndipo palibe amene anali ndi sopo m'manja. Ife timavotera pamodzi chifukwa zonse zimatigwera pamodzi. Feteleza akachedwa amachedwera tonse, mlatho ukakokoloka tonse timavula nsapato. Ndipo ena mwa oimba mafoniwo ndikukhulupirira kuti ankalankhula atakhuta ufa umene tinawakwezera pa minibasi ndife. Koma pa golosale abambo ankaiyankha wailesiyo kuti a m'tauni ndi mbava zokhazokha, n'chifukwa chake amavota mosiyana ndi ife. Mbali zonse ziwiri zinkanena za anthu amene sizinakhale nawo pansi, ndipo ine ndinalibe wodzudzula, poti ndinali nditachita zomwezo kwa munthu wa m'mimba imodzi ndi ine.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinayamba kukumbukira zinthu zimene zinasowapo m'mudzi mwathu muja timati mulibe wakuba. Fodya wasowapo m'chigafa. Nkhuku ndiye osanena. Ine ndemwe wina anandithyolerapo chimanga chachiwisi mizere itatu yathunthu. Kungoti kwathu sitinena kuti zabedwa, timati zasowa. Wotengayo akadziwika amapezeka kuti ndi mwana wa msuweni wako, ndiye akuluakulu a banja amakhala pansi kuseri kwa nyumba, nkhani n'kutha, ku polisi osafika. Ku tauni wakuba ndi munthu wosamudziwa, amamukuwiza msewu wonse mpaka zimveke pa wailesi. Wathu timamunong'ona, pakapita miyezi n'kuiwala kuti tinanong'onapo.

Njerwa sizinaumbidwe chaka chimenecho. Pa foni alongo anga ankati msana, kenaka ankati ntchito yachuluka. Kutachitika maliro a azakhali athu anafika m'mawa n'kukhala pamodzi ndi abambo anzawo. Anthu anawapatsa moni bwinobwino, koma ndinaona bambo wina akunyamuka mwakachetechete kukalowetsa njinga yake m'nyumba, ndipo sindikukayika kuti nawonso anaona. Titangochoka ku manda ananyamuka. Dimba ndinkalilima ndine kuti lisasanduke tsala, ndikuuza aliyense kuti ndikungosungira eni ake.

Zoona zake zinadziwika patapita chaka ndi miyezi, ndipo sizinadziwike chifukwa cha nzeru za munthu. Banja lina la m'mudzi mwathu linkatha, ankhoswe anakhala pansi, ndipo mkazi atapsa mtima anayamba kukhuthula zonse zimene ankasunga. Mwa zina anati mwamuna wakeyo asamadzionetse ngati munthu, pamene anagulitsa mbuzi za mayi ake aang'ono kwa anthu ootcha kanyenya. Mayi aang'onowo anali mayi wamasiye uja. Mwamunayo ndinkamukumbuka bwino chifukwa ndi amene anali woyamba pa mzere, kabotolo kanga ndinakatsegulira pa chala chake. Anavota titangotsegula, anazungulira njira ya ku manda, ndipo pamene ife tinkatuluka thukuta ku sukulu iye anali ndi dambo lonse yekha. Pa msonkhano uja anakweza dzanja m'mwamba kuposa aliyense.

Nkhaniyo inathera kuseri kwa nyumba monga mwa nthawi zonse. Ine ndinapita kwa apampando nditakwiya, kukawapempha kuti aitanitsenso anthu pansi pa mango paja, anene poyera kuti alongo anga analibe mlandu. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati zimenezo zinapita kale, ndipo kuzidzutsa n'kuchititsa manyazi banja limene lamvana. Anawonjezera kuti ndiponsotu palibe amene ananena kuti alongo anga ndi akuba. Umu ndi momwe inenso ndinkadzitonthozera. Amene anabwera mwa iye yekha ndi mayi wamasiye uja. Anafika pakhomo panga ndi tambala m'manja, analira, n'kundipempha kuti ndikamupereke kwa alongo anga poti iye analibe nkhope yoti n'kukaonekera.

Ndinanyamuka Loweruka, tambala ali m'dengu. Ku Mtandire ndinali nditafikako kangapo, koma nthawi zonse ndinkayenda nditakumbatira chikwama pachifuwa, osayang'ana kumbali. Ulendo uwu ndinakhala pa benchi mu shedi yawo kwa nthawi ndithu, ndipo ndinaona zimene sindinkaziona kale. Mayi wogulitsa tomato anawasiyira katundu wake yense akupita ku chipatala. Bambo wina potuluka anaponya makiyi a nyumba yake m'bokosi la misomali osalankhula n'komwe, ndipo nditasuzumiramo ndinaona makiyi a nyumba zinanso. Akuba kumeneko aliko, mawindo onse ndi a zitsulo. Koma anthu a mumsewu umenewo akafuna posungitsa kanthu ankabwera kwa alongo anga.

Ndinawafotokozera zonse iwo akupala thabwa. Sanadabwe, sanakondwenso. Tambala anamulandira ndi manja awiri, anati ndikathokoze. Ndiye ndinanena chimene ndinabwerera, kuti tsiku lija ndinawalakwira, kuti dimba likuwadikira, ndipo njerwa tikhoza kuumba chilimwe chomwechi. Anaika puleni pansi.

"Sunalakwe, mlongo wanga. Anakufunsa, unayankha. Dimbalo umupatse mwana wako wamkazi uja, ali ndi mphamvu."

Ndinawafunsa kuti tsono manja akadzafooka adzakhala kuti. Anati mwana wawo wamkulu wawakonzera chipinda. Kenaka, ndi mawu ofatsa omwe aja, anandiuza kuti analowa gulu la maliro la m'dera lawolo, ndipo ana anawauza kale kuti tsiku lawo likadzafika asadzavutike n'kufunafuna galimoto yopita kumudzi. Adzaikidwe ku tauni komweko.

Kwathu munthu amatha kukhala kutali moyo wake wonse, koma pomaliza amabwera kudzagona pafupi ndi mayi ake. Ngakhale ofera ku Joni timayesetsa kuwabweretsa. Ndinaimirira, ndinawauza kuti zimenezo sizingatheke ine ndili moyo, kuti amayi ali kumeneko, abale athu onse ali kumeneko, nanga anthu adzati chiyani. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kuuza mlongo wako wamkulu, ndipo anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Sindinakwiye ndi munthu," anatero. "Kungoti ndinaona mmene anandiyang'anira. Sindifuna kuti adzandinyamule chifukwa cha mwambo chabe. Kuno adzandinyamula anthu ondidziwa."

Anatenganso puleni n'kupitiriza ntchito. Mpaka lero ali moyo, timaimbirana Lamlungu lililonse, timaseka, koma pa zimenezi sanasinthe. M'mudzi sindinauzepo aliyense. Mlongo wawo ndatsala ndekha, amene ndinayenera kudzakhala kumutu kwawo m'nyumba ya kwathu ndikulandira anthu odzapepesa. M'malo mwake tsiku limenelo ndidzakwera minibasi chitenje chili m'chikwama, ndipo ndikadzafika ndidzachita kufunsa njira ya ku manda.